DSG, PDK kapena otomatiki ya konveta? Mafunso ndi mayankho a okonda magalimoto aliwiro

Kodi DCT, DSG, PDK ndi S tronic n'chinthu chimodzi?

Maganizo ake ndi amodzi, mayina ndiwo asiyana ndi makampani. DCT ndi dzina la mtundu wonse: giyabokosi yokhala ndi makilachi awiri, yosintha magiya yokha. Volkswagen imati DSG, Porsche imati PDK, Audi imati S tronic, Mitsubishi inkati TC-SST pa Lancer Evolution X. Porsche inayesa PDK m'magalimoto ake ampikisano a 956 ndi 962 m'zaka za m'ma 1980, koma munthu wamba anayamba kugula DCT mu 2003, DSG itaikidwa mu Volkswagen Golf R32. Pa Porsche 911, PDK inafika mu 2008.

Dzina lisakupusitseni. Pansi pa mawu oti DSG pali magiyabokosi angapo osafanana mphamvu, osafanana oyilo, osafanananso matenda.

Mkati mwake mumachitika chiyani?

Tengani magiyabokosi awiri a manuwo, muwaphatikize m'chigoba chimodzi. Limenelo ndilo gwero lake. Muli mashafiti awiri olandira mphamvu ya injini, ina yamphako, inzake yodutsa m'mphakomo, ndipo iliyonse ili ndi kilachi yakeyake. Pa DQ250 ya Volkswagen, ya magiya 6, kilachi yoyamba imagwira giya 1, 3, 5 ndi livesi. Yachiwiri imagwira 2, 4 ndi 6.

Mukamathamanga pa giya 3, giya 4 imakhala italowa kale pa shafiti inayo, ikungodikira, kilachi yake ili chotsegula. Nthawi yosintha ikakwana, kilachi yoyamba imamasuka pang'onopang'ono yachiwiri ikugwira, moti mphamvu yopita ku matayala siduka. Palibe kaphokoso koti galimoto yapuma kaye monga imachitira manuwo phazi likakhala pa kilachi.

Amene amayendetsa zonsezi ndi mechatronic: kompyuta, masensa ndi mavavu a oyilo zomangidwa pamodzi pa giyabokosi pomwepo. Ntchito yake yaikulu ndi kulosera. Mukuponda mafuta, imakonzeratu giya yapamwamba. Mukuponda buleki, yapansi. Ikalosera molakwa, mwachitsanzo mumachepetsa liwiro pa laundabauti kenako mwaona mpata n'kuponda mwadzidzidzi, iyenera kutulutsa giya imene inakonza n'kulowetsa ina. Kachidodo kamene eni DSG amadandaula kamachokera pamenepo, ndipo si chizindikiro choti yafa.

Nanga otomatiki imene tinazolowera imasiyana pati?

Ija ilibe kilachi yonyamukira. Pakati pa injini ndi magiya pali torque converter, amakaniko amangoti konveta: chibuthu chodzaza oyilo, mkati muli mapiko awiri oyang'anana. Injini imazunguza ena, oyilo n'kukankha enawo. Kwa kanthawi ponyamuka, konveta imachulukitsanso mphamvu yopotokola, torque, mwina kuwirikiza kawiri. Magiya ake ndi a planetary, kutanthauza timagiya tozungulira giya yapakati, mano ake olumana nthawi zonse, ndipo kusintha giya ndi kungogwira kapena kumasula timakilachi ndi timabuleki tamkati.

Mbiri yoipa ya otomatiki, yoti ndi yaulesi ndi yomwa mafuta, inachokera ku zakale zimene konveta yake inkangoterereka ulendo wonse. Zamakono zili ndi kilachi yotseka konveta, lock-up, imene imagwira galimoto ikangonyamuka. Kuchoka pamenepo injini ndi magiya zimalumikizana chitsulo kuchitsulo. Lexus IS F ya 2007 inali kale ndi magiya 8 ndipo mukamasintha nokha inkatseka konveta kuyambira giya 2. 8HP, giyabokosi ya kampani ya ZF imene inatuluka cha m'ma 2009, ili ndi magulu 4 a magiya a planetary ndi zogwirira 5, ndipo posintha giya imodzi imangomasula chimodzi n'kugwira chimodzi. Ndi yomweyo ili mu Toyota GR Supra, m'ma BMW ambiri, mu Jaguar F-Type ndi mu Dodge Challenger Hellcat.

Ndiye yothamanga ndi iti?

Pa bwalo la mpikisano, injini ikulira pamwamba, DCT yabwino imapambanabe. Imasintha msanga, ndipo woyendetsa amamva kuti chala chikakhudza padulo kuseri kwa chiwongolero, giya yalowa. Sivutikanso ndi injini yozungulira kwambiri: 911 GT3 imafika ma revu 9,000 pa mphindi ndipo PDK sinjenjemera nazo. N'chifukwa chake Ferrari kuyambira pa California ya 2008, McLaren, Lamborghini Huracán, Nissan GT-R ya R35 ndi Chevrolet Corvette C8 onse ali pa makilachi awiri. Palinso nkhani ya malo. Injini ikakhala kumbuyo kwa dalaivala, giyabokosi iyenera kukhala yaifupi ndi difu mkati mwake, ndipo DCT ndi yosavuta kuimanga motero.

Koma kusiyana kumene kwatsala pakati pa DCT ndi 8HP ndi kwa tizigawo ta sekondi. Pamsewu wa tsiku ndi tsiku simungakuone pa wotchi. Pali pena pomwe konveta imapambana: 8HP imatha kudumpha kuchoka pa giya 8 kupita pa 2 mwachindunji, pamene DQ250 ikafuna kuchoka pa 6 kupita pa 2, magiya okhala pa shafiti imodzi, imayamba yadutsa pa 5 kuti mphamvu isaduke.

Ngati DCT ndi yapamwamba, bwanji BMW ndi Audi anaisiya pa magalimoto awo amphamvu?

BMW inaika DCT ya magiya 7 mu M3 mu 2008, koma M5 ya F90 ya 2017 inabwera ndi 8HP, ndipo M3 ya G80 inatsatira. Audi inachita chimodzimodzi pa RS5 ndi RS4 cha m'ma 2017. Zifukwa zake sizobisika. Ma injini a turbo ali ndi torque yaikulu pa ma revu otsika, magalimoto alemera, ambiri akukoka ndi matayala onse anayi. Kunyamula chimtolo chotere pogwiritsa ntchito kilachi yotereretsa ndi kupanga moto. Konveta imatengera kutenthako mu oyilo, oyilo n'kukazizira ku kula, kachipangizo koziziritsa oyilo. Onjezani kuti wogula M5 amafunanso kupaka pa malo othina popanda galimoto kudumpha.

Musamve ngati DCT singanyamule mphamvu. Bugatti Veyron ya 2005 inali ndi torque ya 1,250 Nm pa giyabokosi ya makilachi awiri yopangidwa ndi kampani ya Ricardo. Zimatheka, kungoti mtengo wake ndi wa Bugatti. Mercedes-AMG inadutsa pakati: MCT yake ndi ya magiya a planetary, koma m'malo mwa konveta muli kilachi yonyamukira yomira mu oyilo. Ndipo kumbukirani kuti Porsche yomwe, mwini PDK, pa Cayenne imaika ya konveta.

Amati pali yonyowa ndi youma. Zikutanthauza chiyani?

Ili ndilo funso loyenera kufunsa musanalipire dipoziti, kuposa lakuti DCT kapena konveta.

Yonyowa ili ndi makilachi a mbale zambiri zopyapyala zomira mu oyilo. Pampu imazunguza oyiloyo, amachotsa kutentha, n'kupita ku kula. DQ250 ya mu Golf GTI ya 5, 6 ndi 7 yoyamba ndi yotere, ndipo inapangidwira torque ya pafupifupi 350 Nm. DQ500 ya mu Audi RS3 ndi TT RS imafika 600 Nm. PDK, ya GT-R ndi ya Hyundai i30 N nazonso ndi zonyowa.

Youma ili ndi mbale ziwiri zonga za manuwo, zozizira ndi mphepo basi. Ndi yopepuka, DQ200 ya Volkswagen imalemera pafupifupi makilogalamu 70 pamene DQ250 ipitirira 90, ndipo simwa mphamvu ya injini pozunguza oyilo wambiri. Koma malire ake ndi 250 Nm. Umboni wake uli pa Polo GTI ya 1.8 TSI: ya manuwo anailola 320 Nm, ya DSG anaitsekera pa 250 Nm, injini imodzimodzi.

Youma ndiyo ili m'ma Polo, Golf ndi Audi A1 ndi A3 ambiri a 1.2 ndi 1.4 TSI ochokera ku Japan ndi ku Joni. Enanso sadziwa kuti Honda Fit Hybrid ya GP5 ndi Vezel Hybrid yoyamba, zimene zadzaza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, si za CVT, giyabokosi ya lamba kapena tcheni ndi mapule, ayi. Zili ndi DCT youma ya magiya 7, yokhala ndi mota yamagetsi mkati.

Bwanji imanjenjemera kapena kulemba kuti yatentha mukakhala pa jamu?

Chifukwa kukwawa ndiko kumene DCT imadana nako. Pa liwiro lochepera la giya 1, kilachi singagwire yonse, apo ayi injini izima, ndiye kompyuta imaisiya ikuterereka. Ndi zomwe amachita wophunzira kuyendetsa akamakwera chitunda phazi lili theka pa kilachi, mpaka fungo lake kumveka.

Taganizani za madzulo pa msewu wa Masauko Chipembere: kusuntha mita imodzi, kuima, kusunthanso, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Dalaivala wozolowera konveta amangomasula buleki pang'ono galimoto n'kumadzikoka. Pa DCT youma chizolowezi chimenecho chimapsereza mbale. Zoyenera kuchita:

- Mukaima, pondani buleki zenizeni. Ikapondedwa mokwanira kompyuta imatsegula kilachi. Ikangokhudzidwa, imayamba kuigwiritsa.
- Lekani wapatsogolo apite kaye, mpata ukule, ndiye musunthe kamodzi.
- Pa chitunda musaimitse galimoto ndi mafuta. Gwiritsani buleki, handibuleki kapena Auto Hold.
- Pokwera mtunda wokhotakhota pambuyo pa lole, monga pa Chiweta kapena pa Thabwa pochokera ku Chikwawa, ikani pa manuwo musankhe giya 1 kapena 2 ikhale pomwepo. Mukaisiya pa D imathamangira giya 2 n'kumatereretsa kilachi, kapena kumangosinthasintha.

Chenjezo la kutentha likayaka, patukani pamalo abwino, ikani pa P, injini izilira, mudikire mpaka lizime. Mumchenga, m'matope ndi pobweza ngolo chammbuyo, konveta ndiyo mwini ntchito, ndipo palibe DCT imene tingaiyamikire pamenepo.

Phokoso lija la posintha giya, limene a ku Joni amati vrr-pha, limachokera kuti? Limawononga?

Kuti giya yapamwamba igwire msanga, ma revu ayenera kutsika nthawi yomweyo. Kompyuta ya giyabokosi imapempha ya injini kuti ichepetse mphamvu kwa kamphindi, ndipo iyo imachedwetsa moto wa mapulagi. Mafuta ena amakapsera mu ekizozi, ndiye kaphulika kaja. Monga inatulukira ku fakitale, palibe vuto. Zowononga ndi mapulogalamu oikidwa dala kuti izingophulika paliponse: amatenthetsa turbo ndi kusungunula catalytic converter, choyeretsa utsi mu ekizozi.

Launch control, njira yonyamukira ndi mphamvu zonse, imagwira bwanji, ndipo ndingaigwiritse kangati?

Pa Golf GTI kapena R: injini ndi giyabokosi zikhale zotentha bwino, chiwongolero chowongoka, chitetezo choletsa kuterereka chikhale pa Sport kapena chozimitsa, giya pa S. Phazi lamanzere pa buleki mwamphamvu, lamanja pa mafuta mpaka pansi. Ma revu amaima pa 3,000 kapena 4,000 kutengera mtundu. Chotsani phazi pa buleki msanga. Musakhale chogwira masekondi ambiri.

Ululu wake sugwera pa kilachi yokha. Fulayiwilo, ma CV joint, mamaunting'i a injini ndi matayala zonse zimalawa. Kamodzikamodzi pa giyabokosi yonyowa sikupha, koma kubwereza kasanu motsatizana oyilo asanazizire ndiko kumapha. Ma GT-R oyambirira anadziwika ndi nkhani yothyoka magiya ponyamuka motere, mpaka Nissan inasintha pulogalamu kuti ma revu onyamukira atsike. Komanso makompyuta a magalimoto ambiri amasunga chiwerengero cha ma launch, moti wogula wochenjera akhoza kuchiwerenga. Malo ake ndi bwalo lotsekedwa, osati M1 pomwe pali njinga, mbuzi ndi ana a sukulu.

Oyilo amasinthidwa liti, ndipo motani?

Pa DQ250, makilomita 60,000 aliwonse, pamodzi ndi fyuluta. Oyilo yemweyo amaziziritsa makilachi, kufewetsa magiya ndi kudutsa m'mavavu a mechatronic, ndiye fumbi la makilachi likachuluka limakatseka mavavuwo. Amafunika oyilo wa DSG wa nambala G 052 182 kapena wofanana naye. ATF wamba, oyilo wa otomatiki ya konveta, ayi, wa CVT ayi, ngakhale wogulitsa sipeya atalumbira kuti zonse ndi otomatiki.

Giyabokosiyi ilibe dipisitiki, ndipo apa ndi pomwe magalaja ambiri amaphonya:

1. Galimoto ikhale yowongoka pa lifiti kapena pa dzenje, injini yozima.
2. Masulani chibuthu cha fyuluta pamwamba ndi soketi ya 24, ikani fyuluta ndi mphira watsopano, mangani pa 20 Nm.
3. Pansi masulani pulagi ndi aleni kiyi ya 14. Atuluka oyilo pang'ono chabe. Mkati mwa bowolo muli kapaipi kapulasitiki. Kamasuleni ndi aleni kiyi ya 8, ndiye atuluke yense, pafupifupi malita 5.
4. Bwezerani kapaipiko mosamala, 3 Nm basi. Kamathyoka msanga.
5. Thirani malita 5.5 kudzera pansi pomwepo ndi adaputa yake.
6. Lizani injini, phazi pa buleki, ikani giya pa malo aliwonse masekondi 3, mubwerere pa P.
7. Yang'anani kutentha kwa oyilo pa kompyuta. Akafika pakati pa madigiri 35 ndi 45, injini ikulirabe, chotsani adaputa. Wopyola muyeso atayika yekha pamwamba pa kapaipi kaja. Akayamba kudontha, tsekani pulagi ndi washa yatsopano pa 45 Nm.

Mukayeza ali wotentha kwambiri, oyilo amakhala atafufuma, amatayika wambiri, giyabokosi n'kutsala ndi wochepa. Mukayeza injini yozima, n'chimodzimodzi.

DQ200 ili ndi oyilo wapawiri: pafupifupi malita 1.7 a magiya, ndi lita imodzi ya mechatronic payokha. Za 8HP, makampani ena a magalimoto amati oyilo wake ndi wa moyo wonse, koma ZF mwiniwake ankalangiza kusintha pakati pa makilomita 80,000 ndi 120,000 ngati galimoto imagwira ntchito yolemetsa kapena m'malo otentha. Fyuluta yake ili mu sampu yapulasitiki, ndiye imasinthidwa sampu yonse.

Chimafa kawirikawiri ndi chiyani, ndipo chimadziwika bwanji?

Kunjenjemera ponyamuka kapena pochoka pa giya 1 kupita pa 2, makamaka itatentha: mbale za kilachi youma zatha, zapsa, kapena zadontheredwa oyilo. Lomalizali ndilo linavutitsa PowerShift youma ya Ford Fiesta ndi Focus, pomwe sili ya shafiti inkadontheza oyilo pa makilachi. Mu 2018 khoti la ku Australia linalipitsa Ford madola a dzikolo 10 miliyoni chifukwa cha momwe inasamalira madandaulo a eni magalimotowo.

Zilembo za giya kuphethira pa dashibodi, galimoto kukana kusuntha ngati ili pa N: kawirikawiri ndi mechatronic. Pa DQ200 malo omangirapo accumulator, kabotolo kosunga pulesha, amang'aluka. Pulesha imathawa, pampu yamagetsi n'kumangolira mpaka kupsa. Kompyuta imaonetsa P17BF kapena P189C. Pali zida zokonzera mbali imeneyi popanda kugula mechatronic yonse. Mu 2013 Volkswagen inaitanitsanso magalimoto pafupifupi 1.6 miliyoni a giyabokosiyi kuti asinthe oyilo wa synthetic n'kuika wa mineral, chifukwa woyambayo ankayambitsa shoti mu mechatronic, makamaka m'madera otentha ndi achinyezi.

Galimoto kutsala ndi magiya 1, 3, 5 okha kapena 2, 4, 6 okha: kompyuta yatseka theka lina podziteteza. Werengani makodi musanamasule chilichonse.

Kugogoda ngati timiyala m'chitini injini ili pa aidulo, kumasiya mukaponda mafuta pang'ono: fulayiwilo ya zigawo ziwiri yatha masipuling'i. Ikakhala yotere, isintheni pamodzi ndi makilachi, ntchito yotsitsa giyabokosi isachitike kawiri.

Yambani mwayeza batire. Lofooka limabweretsa makodi abodza ambiri. Ndipo makilachi kapena mechatronic zikasinthidwa, kompyuta iyenera kuphunzitsidwanso pomwe kilachi imagwirira. Pa DQ200 mpata wa makilachi umayezedwanso ndi mashimu. Makaniko wopanda zida zimenezi asaiyambe ntchitoyo.

CVT ili ndi malo pa galimoto yaliwiro?

Pa pepala ndi yabwino koposa, chifukwa imasunga injini pa ma revu a mphamvu yake yonse. Timu ya Williams inayesa CVT pa galimoto ya Formula 1 mu 1993, ndipo malamulo anailetsa isanapikisane. Pamsewu vuto ndi lamba kapena tcheni: mphamvu yonse imadutsa pa kukhuzana kwa zitsulo ndi mapule, ndiye torque ikakula pamafunika pulesha yaikulu ndipo kutentha kumakwera. Subaru WRX S4 ndi Levorg zili ndi CVT ya tcheni yonamizira magiya, ndipo zimayenda bwino ndithu. Kungoti si zoti muziwonjezere mphamvu mwachisawawa.

Nanga SMG ya BMW ndi F1 ya Ferrari zakale?

Izo ndi manuwo za kilachi imodzi, kompyuta ndiyo imaponda. Mphamvu imaduka posintha, ndiye mutu umagwedezeka. Ferrari F355 F1 inayamba nazo mu 1997, BMW M3 ya E46 ndi M5 ya E60 zinali ndi SMG, ndipo Lamborghini Aventador inakakamira mtunduwu moyo wake wonse chifukwa ndi wopepuka. M'tauni n'zotopetsa. Chinsinsi chake ndi kunyamula phazi pang'ono pa mafuta posintha.

Ndikawonjezera mphamvu ya injini pa kompyuta, giyabokosi ipirira?

Werengani torque, osati mahatchi. Yonyowa ili ndi mpata, koma imafunika pulogalamu yakeyake yokweza pulesha yofinyira makilachi. Kupanda apo muona ma revu akukwera pa giya 4 kapena 5 liwiro osakwera. DQ200 ilibe mpata woterowo, ndipo Polo ya 1.4 TSI yochunidwa imadya makilachi msanga. 8HP ili m'magulu, ndipo nambala yotsatira imasonyeza mphamvu yake: 8HP50 ndi ya pafupifupi 500 Nm, 8HP70 ya 700 Nm.

Ndikugula yogwiritsidwa kale ntchito. Ndiyese chiyani?

Dziwani kaye dzina la giyabokosi. Pa Volkswagen ndi Audi, 02E kapena 0D9 ndi DQ250. 0AM kapena 0CW ndi DQ200. Funsani umboni wa kusintha oyilo. Galimoto ya DQ250 ya makilomita 130,000 iyenera kukhala itasinthidwa kawiri.

Iyeseni ili yozizira, muiyesenso itayenda mphindi 20, poti matenda ambiri amaonekera ikatentha. Pamalo athyathyathya chotsani phazi pa buleki osaponda mafuta: isunthe yokha mosalala. Bwererani chammbuyo pa kachitunda. Yendani pang'onopang'ono ngati muli pa jamu kwa mphindi zingapo, mumve kusintha kwa 1 ndi 2. Kenako pa giya yapamwamba, ma revu ali otsika, pondani mafuta kwambiri muone ngati ikuterereka. Pomaliza ilumikizeni ku kompyuta yowerenga giyabokosi, osati injini yokha. Ngati makodi onse angofufutidwa kumene, funsani chifukwa.

Yoitanitsa ku Japan simungaiyese isanafike pa Songwe kapena pa Mwanza, ndiye ikani padera ndalama ya oyilo, ndipo ikakhala youma, ya makilachi. Fufuzaninso ngati m'tauni yanu muli makaniko wokhala ndi kompyuta ya mtundu umenewo. Wokhala kutali ndi mizinda, woyenda misewu yafumbi ndi zitunda, ife tingamulozere ku konveta.

Ikafera panjira, ndingaikoke ndi chingwe?

Bwino kuikweza pa lole. Pa giyabokosi yonyowa pampu ya oyilo imayenda ndi injini, ndiye injini ikazima magiya amazungulira osafewetsedwa mokwanira. Zikavuta, Volkswagen imalola kukoka giya ili pa N, liwiro losapitirira makilomita 50 pa ola, mtunda wosapitirira makilomita 50. Batire likafa giya n'kukanirira pa P, pansi pa chikopa cha ndodo ya giya pali kachitsulo kapena kapulasitiki komasulira. Buku la galimoto limasonyeza pomwe kali, ndipo handibuleki ikhale yokoka musanakadine. Kuikankha kuti ilire, monga timachitira ndi manuwo, sikutheka pa DCT ngakhale pa ya konveta.